KODI NDI MULUNGU AMENE ANAGWETSA NYUMBA ZIJA?

Mwezi watha, pa msonkhano wathu wa acinyamata, tinali kuphunzira Luka 13. Pofuna kuti mutuwo umveke bwino, ndinayamba kuwafotokozera anzanga za cibvomezi cacikuru cimene cinagwedeza dziko la Nepal m'caka ca 2015. Ndisanafike patali, mnyamata wina anaimika dzanja nati, "Atsogoleri, za kumeneko sizodabwitsa ai. Anthu ake amagwadira mafano, tsono Mulungu anangowalanga." Mtsikana wina anamtsutsa pomwepo nati, "Iai, palibe wolakwa apa. Tsiku lao linangokwana basi."

Mayankho awiriwa tonse timawadziwa, pakuti timawamva pa maliro ndi pa ngozi zapamseu. Loyamba ndi laukali, laciwiri limamveka lofatsa ndi lodzicepetsa. Koma nditaganizira bwino kunyumba ndinaona kuti onse awiri amatifikitsa pamalo amodzi: timapinda manja. Ngati ndi cilango, ndine yani ine kuti ndiletse dzanja la Mulungu? Ngati ndi tsiku, nanga ndidzibvutitsirenji? Anzanga okondedwa, ndikufuna kuti tiione pamodzi nkhani ya ku Nepal, ndipo tidzifunse moona mtima: nyumba ikagwera munthu, mlandu ndi wa yani?

Zimene zinacitika

Nepal ndi dziko la mapiri, lopanikizika pakati pa India ndi China. Phiri lalitali kopambana onse padziko lapansi, Everest, lili m'malire ake a kumpoto. Midzi yambiri iri m'mbali mwa mapiri, ndipo ina kuti ufikeko uyenera kuyenda pansi tsiku lathunthu kapena kuposapo.

Pa 25 Epulo 2015, tsiku la Ciweru, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana, dziko linagwedezeka kwa pafupifupi miniti imodzi. Cibvomezico cinayambira m'boma la Gorkha, pafupi ndi mudzi wa Barpak, ndipo mphamvu yake inali 7.8 pa sikelo imene akatswiri amapimira zibvomezi. Pa 12 Meyi kunabweranso cina ca 7.3 cimene cinatsiriza makoma amene anali atang'aluka kale. Anthu pafupifupi 9,000 anafa, ndipo pafupifupi 22,000 anapwetekeka. M'boma limodzi lokha la Sindhupalchok munafa anthu oposa 3,000. Nyumba zoposa 500,000 zinagweratu, zambiri mwa izo za kumidzi, zomangidwa ndi miyala yomata ndi dothi.

Nsanja ziwiri

Tiyeni tiyambe ndi yankho la mnyamata uja. Mumzinda waukuru wa Kathmandu munali nsanja yaitali yoyera yochedwa Dharahara, imene inamangidwa m'caka ca 1832. Anthu anali kulipira kandalama kuti akwere pamwamba ndi kuona mzinda wonse. Popeza tsiku lopuma ku Nepal linali Ciweru, tsiku limenelo munali mabanja ndi acinyamata amene anapita kukangosangalala. Nsanjayo inagwa, ndipo ambiri anafera momwemo.

Pa Luka 13:4-5 Ambuye Yesu anakamba za nsanja inanso, ya ku Siloamu, imene inagwera anthu 18 ndi kuwapha. Anafunsa omvera ake ngati anali kuganiza kuti anthu amenewo anali ocimwa koposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iai. Kenaka anawatembenuzira nkhaniyo omverawo, kuti iwo ndiwo alape. Taonani, Yesu sanalole kuti imfa ya munthu wina ikhale umboni wakuti ife otsala ndife olungama.

Palinso mfundo ina imene mnzathu uja sanaidziwe. Akristu ku Nepal ndi ocepa kwambiri, ndipo cifukwa cakuti Sondo linali tsiku la nchito, iwo anali kupembedza pa Ciweru. Pa ola limene cibvomezi cinafika, ambiri anali m'machalichi. Machalichi ena, maka amene anali kusonkhana m'zipinda zapamwamba za nyumba zosanjikiza zalendi, anagwera opembedza ali mkati. Akacisi a Ahindu anagwa, nyumba zopempherera za Abuda zinagwa, machalichi nawonso anagwa. Khoma silinafunse munthu za cipembedzo cake. Tsono amene akunena kuti cinali cilango ca opembedza mafano atiuze cimene analakwa abale athu amene anafa ali ndi buku la nyimbo m'manja.

Anzake a Yobu anacita bwino masiku 7 amene anakhala naye cete. Analakwa pamene anatsegula pakamwa ndi kuyamba kufunafuna chimo limene linabweretsa tsoka lake, ndipo pa mapeto a bukulo Mulungu anawakwiyira. Tisamale kuti tingagwe m'mbuna yomweyo.

Kodi tsiku linangokwana?

Yankho la mtsikana uja ndi lobvuta kulitsutsa, cifukwa muli coonadi pang'ono. N'zoona kuti palibe munthu angaletse cibvomezi, ndipo kufikira lero palibe katswiri angathe kunena tsiku ndi ola limene cidzafika. Koma kuti cidzafika, zimenezo zinali zodziwika.

Nthaka imene timapondapoyi siinalumikizane yonse ai. Inagawika m'zigawo zikuruzikuru zimene zimasuntha pang'onopang'ono. Cigawo cimene canyamula dziko la India cimakankhira kumpoto masentimita 4 kapena 5 pa caka, monga mmene cikhadabo ca munthu cimakulira, ndipo cimalowa pansi pa cigawo ca Asia. Kukankhana kumeneku ndiko kunatukula mapiri a Himalaya. Miyala ya pansi imagwirana kwa zaka zambiri, mphamvu nkumaunjikana, mpaka tsiku lina imapulumuka mwadzidzidzi. Cimeneco ndico cibvomezi. Kuonjezera apo, mzinda wa Kathmandu unamangidwa pamalo pamene kalekale panali nyanja, ndipo dothi lofewa lotere limakuza kugwedezeka.

A ku Nepal sanafunikire mabuku kuti adziwe zimenezi. Pa 15 Januwale 1934 cibvomezi cina cacikuru cinapha anthu zikwizikwi m'dzikomo ndi kumpoto kwa India, ndipo nsanja ya Dharahara yomweyo inagumuka nthawi imeneyo, anacita kuimanganso. Malamulo a kamangidwe kolimba analembedwa m'caka ca 1994. Koma lamulo lolembedwa papepala siligwira khoma. M'mizinda ambiri anapitiriza kusanjikiza zipinda pa maziko amene sanakonzedwere kulemera kotero, ndipo kumidzi malamulowo sanafikeko n'komwe.

Pamene anthu anacitapo kanthu, kusiyana kunaoneka. Kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la eni dziko lochedwa NSET linayamba kulimbitsa nyumba zakale za masukulu ndi kuphunzitsa amisiri a m'midzi. Pambuyo pake boma ndi mabungwe ena anaikuza nchitoyo. Cibvomezi citafika, masukulu olimbitsidwawo anaima, ndipo ena anasanduka pothawira anthu. Koma zipinda zina zophunziriramo zoposa 25,000 zinagwa. Ana anapulumuka cifukwa linali tsiku lopuma. Taganizani cikadakhala Ciwiri kapena Citatu!

Citsanzo cina ndi ca m'caka ca 2010. Mu Januwale cibvomezi ca 7.0 cinagwedeza dziko la Haiti, ndipo boma la kumeneko linati anafa anthu oposa 200,000. Mwezi wotsatira cibvomezi ca 8.8, cimene mphamvu yake inaposa ca ku Haiti pafupifupi ka 500, cinagwedeza dziko la Chile, ndipo anafa anthu opitirira pang'ono 500. Zifukwa zake ndi zingapo, koma cacikuru ndi cakuti a ku Chile, ataphunzira pa zibvomezi zakale monga ca 1960, anali ndi malamulo a kamangidwe amene anali kutsatidwadi. Kodi tinene kuti Mulungu anakonda a ku Chile koposa a ku Haiti? Kodi tsiku la amphawi limafulumira kukwana? Akatswiri a zomangamanga amakonda kunena kuti cibvomezi sicipha munthu, imapha ndi nyumba.

Cimene cimandikhudza ine ndi cakuti Baibulo linafika kale pa mfundo imeneyi. Pa Deuteronomo 22:8 Mose analamula kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda kuzungulira denga lake, pakuti madenga a kumeneko anali afulati ndipo anthu anali kukhalapo. Cifukwa cake ndi cakuti munthu akagwa kucokera pamwambapo, mwazi wake usakhale pa nyumbayo. Lamulo limeneli silinena kuti wogwayo tsiku lake linakwana. Limanena kuti mwini nyumba ali ndi mlandu wa ngozi imene anaiona ikubwera koma osaicinjiriza. Mulungu amene amadziwa masiku athu onse ndi yemweyo amene analamula kampanda. Conco kunena kuti "kufuna kwa Mulungu" pamalo pamene ife tinasiya nchito yathu, ndiko kuchula dzina lake pacabe.

Tisaloze cala mmphawi

Apa wina angandigwire mau nati, "Tsono iwe wacotsa mlandu kwa Mulungu ndi kuusenzetsa mlimi wa ku Barpak. Kodi suli ngati anzake a Yobu, kungoti wabvala malaya ena?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sindifuna kulizemba.

Mlimi wa m'mapiri anamanga ndi miyala ndi dothi cifukwa ndi zimene anali nazo, ndiponso ndimo anamangira atate ake. Kumudzi kumene kulibe mseu, thumba la simenti limafika pamsana pa munthu kapena pa bulu, ndipo mtengo wake umakwera pa mtunda uli wonse. Munthu amene akusankha pakati pa cakudya ca ana ndi citsulo ca m'khoma sitingamuweruze ife amene tadya kale. Mlandu umakula molingana ndi zimene munthu anadziwa ndi zimene akadatha kucita. Wamkuru ndi wa mwini nyumba yalendi amene anaonjezera nsanjika kuti acurukitse ndalama, wa womanga amene anacepetsa simenti ndi zitsulo, wa wanchito wa boma amene anasaina pepala osaona nyumba, ndi wa atsogoleri amene anali ndi malamulo m'kabati kwa zaka 20. Kwa mmphawi amene sakadatha, funso limabwerera kwa anansi ake: munali kuti? Mutu umodzi susenza denga.

Ndibvomerenso kuti pali imfa zina zimene khoma lolimba silikadaziletsa. Mudzi wa Langtang unakwiririka pamene madzi oundana ndi miyala zinagumuka kucokera pamwamba pa phiri, ndipo anthu oposa 200 anafa m'kanthawi kocepa. Pamenepo ine ndiribe yankho. Pamalo otere Mkristu amalira ndi olira, monga Ambuye analira pa manda a Lazaro, ndipo amagwira ciyembekezo ca kuuka kwa akufa. Koma tisatenge cinsinsi ca ku Langtang ndi kufunditsa naco nyumba zonse zimene zinagwa cifukwa ca umbombo ndi ulesi.

Kumanganso: msanga kapena molimba?

Tsoka litapita panabuka funso lina lobvuta. Mu Juni 2015 maiko ndi mabungwe analonjeza madola oposa 4 biliyoni. Koma andale anali otangwanika ndi mikangano ya malamulo atsopano a dziko, ndipo bungwe la boma loyang'anira kumanganso linayamba nchito mu Disembala, patapita miyezi 8. Pa nthawi yomweyo njira za pamalire ndi India zinatsekeka kwa miyezi ingapo, mafuta ndi zipangizo zinasowa. Anthu anapyola nyengo ya mvula ndi ya cisanu m'tizisakasa ta malata, ndipo ambiri anakhalamo zaka ziwiri kapena kuposapo.

Boma linasankha kuti banja liri lonse limange lokha nyumba yake, ndipo lipatsidwe marupi 300,000 m'zigawo zitatu: 50,000 poyamba, 150,000 maziko akatha, ndi 100,000 makoma akakwera. Cigawo cotsatira cinali kuperekedwa pokhapokha injiniya ataona kuti nyumbayo ikutsata kamangidwe kolimba. Njira zake sizinali zamatsenga ai: kumanga lamba wa konkiriti kapena wa matabwa kuzungulira nyumba yonse pa maziko, pa mawindo ndi pansi pa denga, kuti makoma anai agwirane ngati bokosi, kuika miyala yaitali yopingasa imene imalumikiza mbali ziwiri za khoma, kulimbitsa makona, ndi kupepukitsa denga.

Tsono taganizani za mai wamasiye amene ana ake aamuna anapita kukagwira nchito ku Qatar kapena ku Malaysia, monga anyamata ambiri a ku Nepal amacitira. Ali m'kasakasa, cisanu cikubwera. Akamanga msanga monga mwa kale, adzafunda caka cino, koma wamangira adzukulu ake msampha. Akadikira injiniya, amene mwina adzafika patapita miyezi, akhoza kufa ndi cifuwa nyumba isanathe. Kodi cikondi cikuti ciani pamenepa?

Ine ndikuganiza kuti lamulo linali lolungama, koma kucedwa kunali chimo. Kupatsa munthu ndalama kuti amangenso manda ake si cifundo. Komanso kumuikira lamulo popanda kumtumizira mmisiri ndi injiniya pa nthawi yake ndiko kucita zimene Yesu anadzudzula pa Mateyu 23:4, kumanga akatundu olemera pa mapewa a ena, iwe osawakhudza ndi cala comwe. Ndipo amene analemedwa koposa anali ofooka. Amene analibe mapepala a malo anabvutika kulowa m'kaundula wa olandira. Ndalamazo sizinali zokwanira nyumba yonse, conco ambiri analowa m'ngongole za katapira, ndipo ena anamanga kacipinda kamodzi kapena tiwiri kuti angolandira cigawo cotsiriza, banja lonse osakwanamo.

Ngakhale zinali tero, pamene bungwe lija linatseka nchito yake kumapeto kwa 2021, nyumba mazana a zikwi zinali zitamangidwanso molimba koposa kale, ndipo amisiri ambiri, pakati pao akazi, anali ataphunzira luso latsopano. Zimenezi ndi zoyamika. Koma imvani izi. Usiku wa pa 3 Novembala 2023 cibvomezi cocepa poyerekeza ndi cija cinagwedeza boma la Jajarkot, kumadzulo kwa dzikolo, kumene ca 2015 sicinaononge. Nyumba za kumeneko zinali zikadali za miyala ndi dothi popanda lamba. Anthu oposa 150 anafa ali m'tulo, ndipo ena anafa pambuyo pake ndi kuzizira m'matenti. Phunziro linafika kokha kumene kunagwa maliro. Ndi mmene tiliri anthufe: timafulumira kupereka bulangeti tsoka litagwa, koma timaumira kupereka citsulo tsoka lisanagwe, cifukwa bulangeti limaoneka ndipo citsulo cimabisika m'khoma.

Nanga ife kuno?

Wina anganene kuti za ku Nepal ndi zakutali. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Cigwa cacikuru cimene muli nyanja za Tanganyika ndi Malawi ndi malo amene nthaka ya Afirika ikung'ambika pang'onopang'ono. M'caka ca 1989 cibvomezi cinapha anthu ku Salima, ndipo mu Disembala 2009 zibvomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga, m'dziko la anansi athu la Malawi. Kuno kwathu ca mu 2017 cinagwedeza dera la Kaputa. Zathu sizifika pa ukuru wa za ku Himalaya, koma makoma athu ambiri safuna n'komwe cibvomezi kuti agwe. Mvula ya Januwale imakwanira.

Ndiulule kanthu. Pamene tinali kuumba mabuloko a holo yathu ya acinyamata, simenti inacepa, ndipo ine ndi amene ndinati, "Onjezerani mcenga, Mulungu adzatisunga." Tonse tinaseka. Mkuru wina wa mpingo, amene anagwira nchito yomanga moyo wake wonse, anatola buloko limodzi litauma, nalifinya pakona, ndipo linanyenyeka ngati cikondamoyo. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, ndani adzakhala pansi pa khoma limeneli?" Ndinadziwa yankho: ana a Sande sukulu. Tinaphwanya mabuloko onse a tsiku limenelo, ndipo holo inacedwa ndi miyezi ingapo. Ndinacita manyazi, koma lero ndimathokoza. Mau amene ndinanena aja anamveka ngati cikhulupiriro, koma kunali kumuyesa Mulungu, monga mdierekezi anafuna kuti Yesu adziponye pansi kucokera pamwamba pa kacisi.

Ambiri a ife tidzakhala amisiri, aphunzitsi, manesi, makalaliki a ku khonsolo, ndipo ena adzakhala m'makomiti omanga machalichi. Tsiku lina wina adzakupatsa envulopu kuti usaine pulani imene sunaione. Wina adzati mucotse lamba wa pamwamba pa mawindo kuti ndalama zikwanire penti. Tsiku limenelo palibe adzakuona, ndipo mwina padzapita zaka 30 khoma lisanayesedwe. Munthu amene udzampulumutsa sadzadziwa dzina lako ndipo sadzakuthokoza. Komatu iyenso ndi mnansi wako, monga uja anagona m'mbali mwa njira ya ku Yeriko.

Tsono kwa mnyamata uja ndikuti: usaweruze akufa, Ambuye anakana kale. Kwa mtsikana uja ndikuti: masiku athu alidi m'manja mwa Mulungu, koma fosholo ndi simenti anaziika m'manja mwathu. Tiyeni tipempherere anthu a ku Nepal amene akali kulipira ngongole za nyumba zao, ndipo tikatha kupemphera, tipite tikaone makoma a chalichi cathu ndi a nyumba ya agogo amene alibe wowathandiza.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Luka 13:1-5 ndi Deuteronomo 22:8. Kodi mavesi amenewa akugwirizana bwanji?
2. Ndi pa ngozi ziti m'dera lanu pamene anthu amati "tsiku linakwana" cikhalireco ngoziyo ikadapewedwa?
3. Mukadakhala mai wamasiye uja, mukadamanga msanga kapena mukadadikira? Nanga mpingo wake ukadamthandiza bwanji?
4. Kodi mumpingo mwanu muli nyumba ya nkhalamba kapena ya ana amasiye imene ingagwe ndi mvula ya caka cino? Gulu lanu licitapo ciani mwezi uno?